Chitetezo cha m'thupi chili ndi mbali pa matenda ovutika maganizo, koma tisachisenzetse mlandu wonse

Kwa zaka zambiri, munthu akapezeka ndi matenda ovutika maganizo, aja madokotala amati depression, ankamva chiganizo chimodzi: muubongo mwanu mwachepa serotonin, kemikolo yonyamula uthenga pakati pa maselo a ubongo. Chiganizocho chinali chachifupi, chosavuta kukumbukira, ndipo chinkachotsako manyazi chifukwa chinkasonyeza kuti wodwalayo sakuchitira dala. Mu 2022, Joanna Moncrieff wa ku University College London ndi anzake atasonkhanitsa kafukufuku wa zaka zambiri n'kunena kuti palibe umboni wolimba woti kuchepa kwa serotonin ndiko kumayambitsa matendawa, panabuka mkangano waukulu. Akatswiri ena anawadzudzula pa njira imene anasankhira umboniwo. Komabe ngakhale ambiri mwa odzudzulawo anavomereza kuti nkhani ya serotonin inali itafupikitsidwa mopitirira muyezo kuyambira kalekale.

Tsopano kwabwera chiganizo china chimene chikufuna kulowa m'malo mwake: vuto ndi chitetezo cha m'thupi, thupi lanu likutupa m'kati, ndipo zimenezi munabadwa nazo, zili m'majini, timalangizo ta m'maselo timene munthu amatengera kwa makolo ake. M'chiganizochi muli choonadi, ndipo ndi choonadi chopatsa chidwi ndithu. Koma chikangosanduka yankho la wodwala aliyense, tidzakhala tabwereza cholakwa chomwe chija, tangosintha dzina la woimbidwa mlandu. Mmene ine ndikuonera umboni umene ulipo, chitetezo cha m'thupi chili ndi mbali pa matenda a anthu ena ndiponso pa zizindikiro zina, ndipo phindu lenileni la kafukufuku wa majini ndi lakuti angatithandize kudziwa kuti anthu akewo ndi ati.

Tiyambe ndi zimene aliyense anazimvapo m'thupi mwake. Chimfine chikakugwirani zenizeni, si mphuno yokha imene imavutika. Chakudya sichikoma, mumangofuna kufunda, foni ikalira mumaisiya ilire, ndipo nkhani imene dzulo inakuseketsani lero ikukutopetsani. Kachilomboko sikafunika kufika muubongo kuti zimenezi zichitike. Ochititsa ndi asilikali a m'thupi mwanu momwemo. Akakumana ndi mdani amatulutsa timapuloteni tonyamula uthenga totchedwa ma cytokine, monga interleukin-6, imene amaifupikitsa kuti IL-6, ndi ina yotchedwa TNF. Uthengawo umafika kuubongo kudzera m'magazi komanso mumtsempha wa vagus, ndipo ubongo umayankha pokugonekani pansi. Mu 1988 Benjamin Hart, katswiri wa zinyama wa ku University of California, Davis, analemba kuti khalidwe limeneli la nyama yodwala ndi dongosolo la thupi losungira mphamvu zolimbanirana ndi matenda, si kufooka wamba. Tsono tayang'ananinso mndandanda uja: kutopa, kusafuna kudya, tulo tosokonekera, kupewa anthu, kusasangalala ndi kalikonse. Munthu akakhala choncho kwa masabata awiri kapena kupitirira popanda chimfine, dokotala amayamba kuganizira za matenda ovutika maganizo.

Kufanana kokha si umboni. Umboni unachokera m'zipatala, mosayembekezereka. Mankhwala atsopano a hepatitis C asanabwere, odwala matenda a chiwindi amenewa ankabayidwa jakisoni wa interferon-alpha sabata iliyonse kwa miyezi 6 kapena chaka chathunthu. Interferon ndi imodzi mwa ma cytokine aja, kotero kuti munthuyo ankapatsidwa mwadala uthenga wa nkhondo. M'masabata oyambirira ankanjenjemera, kutentha thupi, kuphwanya m'mafupa ndi kutopa. Kenako, pakatha mwezi kapena iwiri, mwa ena munkalowa zina: munthu amene anayamba mankhwala ali wansangala ankayamba kulira popanda chifukwa, kupsa mtima ndi tinthu tating'ono, kudziona wachabechabe, ena mpaka kuganiza zodzipha. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa anayi alionse ankadwala matenda ovutika maganizo enieni. Mu 2001, Dominique Musselman ndi anzake a ku Emory University ku Atlanta anayesa odwala 40 a khansa ya pakhungu amene ankayenera kulandira interferon wambiri. Theka anawayambitsa paroxetine, mankhwala a matenda ovutika maganizo, masabata awiri jakisoni asanayambe, enawo anawapatsa mapiritsi opanda mankhwala. Pa amene analandira paroxetine, 11 pa 100 alionse anadwala maganizo. Pa enawo, anali 45 pa 100. Apa palibe kutsutsana: chinthu chochokera ku chitetezo cha m'thupi chingathe kuyambitsa matendawa mwa munthu. Koma onaninso mbali inayo ya chiwerengerochi. Oposa theka la amene sanatetezedwe sanadwale maganizo, ngakhale analandira jakisoni yemweyo. Matupi athu samva uthengawu mofanana, ndipo funso la majini limayambira pamenepa.

Njira zake zina zikudziwika. Ma cytokine amadzutsa puloteni ina yotchedwa IDO, imene imatenga tryptophan, chipangizo chimene thupi limapangira serotonin, n'kuchipatutsira kunjira ina ya kynurenine, ndipo zina zotuluka kumeneko zimasokoneza glutamate, kemikolo ina yonyamula uthenga pakati pa maselo a ubongo. Kudzuka kwa chitetezo kumeneku, kumene kumatchedwa kutupa, kumachepetsanso ntchito ya kemikolo ya dopamine m'mbali za ubongo zimene zimatipatsa chilakolako chodzuka kukachita kanthu. Ngakhale katemera wa taifodi, amene amangodzutsa chitetezo pang'ono kwa maola ochepa, anaoneka mu 2009 pa kafukufuku wa Neil Harrison ndi anzake ku England kuti amatsitsako chisangalalo cha anthu athanzi ndi kusintha mmene mbali ina ya ubongo yokhudza maganizo imagwirira ntchito.

Ziwerengero za anthu ambiri nazonso zimaloza komweko. Ku Denmark, kumene boma limasunga mbiri ya chipatala ya nzika iliyonse, Michael Benros ndi anzake anatsatira anthu oposa 3.5 miliyoni. Mu 2013 analengeza kuti amene anafikapo kuchipatala ndi matenda aja amene chitetezo chimaukira thupi lake lomwe anali ndi chiopsezo chokwera ndi 45 peresenti chodzadwala matenda a maganizo, ndipo amene anagonekedwapo chifukwa cha tizilombo toyambitsa matenda chiopsezo chawo chinakwera ndi 62 peresenti. Ku Bristol, ana obadwa mu 1991 ndi 1992 anatengedwa magazi ali ndi zaka 9. Golam Khandaker ndi anzake anapeza mu 2014 kuti ana amene anali ndi IL-6 yambiri pa msinkhu umenewo ndiwo ankapezeka mochulukirapo ndi matenda ovutika maganizo atafika zaka 18. Kutupa kunayamba, matenda anabwera pambuyo.

Wina anganene kuti basi, mlandu watha. Ine ndikuti ayi, pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi chiwerengero chimene okonda nkhaniyi amachidumpha. Mu 2019, Emanuele Osimo ndi anzake ataphatikiza kafukufuku wambiri anapeza kuti odwala maganizo 27 pa 100 alionse ali ndi CRP yopitirira mamiligalamu 3 pa lita imodzi ya magazi. CRP ndi puloteni imene chiwindi chimatulutsa chikalandira uthenga wa IL-6, ndipo ndi imene zipatala zimapima kawirikawiri pofuna kuona kutupa. Anthu 27 pa 100 ndi ambiri, makamaka tikakumbukira kuti bungwe la World Health Organization linati mu 2023 odwala matendawa padziko lonse anali pafupifupi 280 miliyoni. Komabe pafupifupi atatu mwa anayi alionse alibe kutupa kotere. Chachiwiri ndi chakuti CRP imakwera ndi zinthu zambirimbiri: kunenepa kwambiri, kusuta fodya, kusagona mokwanira, kusayendayenda, umphawi, ukalamba. Munthu wovutika maganizo nthawi zambiri amasuta kwambiri, amagona molakwika, amasiya kulimbitsa thupi. Ndiye chayamba n'chiti? Munthu amene amapezeka pa maliro aliwonse si ndiye kuti ndi amene akupha anthu.

Apa m'pamene majini amakhala othandiza, ndipo kuthandiza kwake n'kosiyana ndi kumene anthu ambiri amaganiza. Majini amene mwana amatenga kwa mayi ndi bambo amagawidwa mwamaere pa tsiku limene mayi watenga pakati. Ena amabadwa ndi mtundu wa jini umene umakweza CRP pang'ono moyo wawo wonse, ena ayi, ndipo kugawidwa kumeneku kunachitika munthu asanasute ndudu yoyamba, asananenepe, asanakhumudwepo. Choncho ngati CRP ndi imene imayambitsa matenda, obadwa ndi jini yoikweza ayenera kudwala mochulukirapo. Njira yofufuzira imeneyi imatchedwa Mendelian randomization, potengera dzina la Gregor Mendel, ndipo George Davey Smith wa ku Bristol ndi mmodzi mwa amene anaitchukitsa kuyambira mu 2003.

Ofufuza a ku Copenhagen, Marie Kim Wium-Andersen ndi Børge Nordestgaard, anachita zonse ziwiri. Mu 2013 anaonetsa mwa anthu oposa 73,000 kuti CRP ikakwera, kuvutika maganizo nakonso kumachuluka. Chaka chotsatira anayang'ana majini okweza CRP mwa anthu a mumzinda womwewo, ndipo sanapeze kugwirizana ndi matendawa. Ndiye kuti CRP ndi mboni chabe. Nkhani ya IL-6 ndi yosiyanako. Pali mtundu wina wa jini ya IL6R umene umafooketsa uthenga wa IL-6 m'maselo, ndipo zinadziwika kale mu 2012 kuti obadwa nawo amadwala mtima mocheperako. Mu 2018 gulu la Khandaker linapeza kuti pakati pa achinyamata a ku Bristol aja, obadwa ndi mtundu umenewu anali ndi chiopsezo chotsikirako cha kuvutika maganizo kwakukulu kapena misala. Mu 2021 Nils Kappelmann wa ku Max Planck Institute of Psychiatry ku Munich ndi anzake anachita chinthu chimene ndikuona kuti ndi chanzeru kuposa zonse: anasiya kutenga matendawa ngati chinthu chimodzi n'kuyang'ana chizindikiro chilichonse pachokha. Anapeza kuti majini okweza kunenepa ndiwo ankagwirizana ndi kutopa, kusintha kwa kadyedwe ndi kusasangalala ndi kalikonse, pomwe majini okweza mphamvu ya IL-6 ankagwirizana ndi maganizo ofuna kudzipha. Zotsatira za kafukufuku wa IL-6 sizigwirizana zonse, ndipo kukula kwa mphamvu yake n'kochepa. Koma chithunzi chimene chikutuluka ndi cha tinjira tingapo, osati msewu umodzi waukulu.

Mawu oti "zili m'majini" ayenera kumvedwa mosamala. Mu 2000, Patrick Sullivan, Michael Neale ndi Kenneth Kendler ataphatikiza kafukufuku wa mapasa anapeza kuti chibadwa chimafotokoza pafupifupi 37 peresenti ya kusiyana kwa anthu pa matenda ovutika maganizo. Pa schizophrenia, matenda ena aakulu a m'maganizo, chiwerengerochi chili pafupifupi 80 peresenti. Ndiye kuti pa kuvutika maganizo, mbali yaikulu ili pa zimene munthu amakumana nazo. Ndiponso 37 peresenti imeneyo sinakhale mu jini imodzi. Phunziro limeneli akatswiri analiphunzira mowawa. Mu 2003 Avshalom Caspi ndi anzake anafalitsa mu magazini ya Science zotsatira za anthu 847 a ku Dunedin, New Zealand, zosonyeza kuti mtundu waufupi wa jini yonyamula serotonin umachititsa munthu kugwa m'matendawa akakumana ndi mavuto. Nkhaniyo inatchuka padziko lonse, inalowa m'mabuku a ophunzira, ndipo ofufuza mazanamazana anamangapo ntchito zawo. Mu 2019 Richard Border wa ku University of Colorado Boulder ndi anzake anayesa jini imeneyi pamodzi ndi ena 17 otchuka mwa anthu masauzande mazanamazana. Palibe ndi imodzi yomwe imene inaima. Choncho mukawerenga mutu wa nkhani woti apeza jini ya chitetezo imene imayambitsa kuvutika maganizo, funso loyamba likhale lakuti: apima anthu angati, ndipo ena abwereza n'kupeza zomwezo?

Kafukufuku amene akuima masiku ano ndi uja wosanthula DNA yonse mwa anthu ochuluka zedi, popanda kusankhiratu jini yokondedwa. Mu 2015 kafukufuku wa CONVERGE, wa amayi a ku China, anapeza malo awiri a DNA ogwirizana ndi matendawa. Mu 2018 gulu la Psychiatric Genomics Consortium, lotsogozedwa pa ntchitoyi ndi Naomi Wray ndi Patrick Sullivan, linapeza malo 44. Mu 2019 David Howard wa ku Edinburgh ndi anzake anafika pa 102 mwa anthu oposa 800,000. Mu January 2025 magazini ya Cell inafalitsa zotsatira za anthu oposa 5 miliyoni a m'mayiko 29, ndipo timasinthidwe ta DNA togwirizana ndi matendawa tinafika 697. Kalikonse mwa timeneti kamangokankha chiopsezo pang'ono kwambiri, ndipo onse pamodzi amafotokoza zosakwana 6 peresenti ya kusiyana kwa chiopsezo pakati pa anthu. Nanga akuloza kuti? Yankho losakomera okonda nkhani ya kutupa ndi lakuti ambiri akuloza ku maselo a ubongo ndi malo amene maselowo amalumikizirana. Matenda ovutika maganizo, tikawaona ndi diso la majini, ndi matenda a ubongo choyamba.

Chitetezo chimaonekamo, koma mochenjera. Amodzi mwa malo 44 a mu 2018 aja anagwera pa mtolo wa DNA wotchedwa chromosome 6, m'chigawo chotchedwa MHC, mmene muli majini a HLA amene amathandiza asilikali a m'thupi kusiyanitsa mwini thupi ndi mlendo. Anthu anasangalala, chifukwa zaka ziwiri m'mbuyomo Aswin Sekar ndi Steven McCarroll a ku Harvard anali atasonyeza kuti chiopsezo cha schizophrenia chopezeka m'chigawo chomwecho chimachokera, mwa zina, ku jini ya C4, puloteni ya chitetezo imene muubongo imathandiza kudulira timalumikizano ta maselo. Koma Kylie Glanville wa ku King's College London ndi anzake atafufuza bwino, analengeza mu 2020 kuti majini a HLA odziwika pa matenda oukira thupi komanso C4 sakugwirizana kwenikweni ndi kuvutika maganizo. Chigawo cha MHC ndi chodzaza majini, ndipo ena a iwo alibe ntchito ya chitetezo. Ndimalemekeza kafukufuku wotere kuposa wolengeza zatsopano, chifukwa amatseka khomo limene anthu ambiri akanataya zaka akugogodapo.

Khomo lina linatseguka mu 2022. Mary-Ellen Lynall wa ku Cambridge ndi anzake anafunsa funso losiyana. Timasinthidwe tambiri tija sitili m'kati mwa majini enieni, tili m'zigawo za DNA zimene zimayatsa kapena kuzimitsa majini, ndipo zigawo zimenezi zimagwira ntchito m'maselo ena, m'maselo ena ayi. Atayang'ana kuti timasinthidwe ta matenda a maganizo timagwera m'zigawo zoyaka m'maselo ati, anapeza ubongo, monga mmene aliyense ankayembekezera, komanso maselo a m'magazi otchedwa ma T cell, makamaka aja a CD4 akadzutsidwa. Dzina la CD4 ambiri timalidziwira pa nkhani ya HIV, ndipo ndi maselo omwewo. Zimenezi sizikutsimikizira kuti ma T cell ndiwo amayambitsa matendawa. Zikungosonyeza kuti mbali ina ya chiopsezo chobadwa nacho ingathe kumagwira ntchito kunja kwa mutu, ndipo mwina imadikira mpaka chitetezo chitadzutsidwa ndi matenda kapena nkhawa.

Pomaliza pake, chiphunzitso chilichonse chimayesedwa ndi wodwala: kodi ukazimitsa kutupa, munthu amachira? Mu 2013 Charles Raison ndi Andrew Miller a ku Emory anatenga odwala 60 amene mankhwala anthawi zonse anali atawakanika. Theka anawapatsa infliximab, mankhwala amphamvu otsekereza TNF, kudzera m'dilipi katatu. Enawo analandira dilipi yopanda mankhwala. Patatha masabata 12, magulu awiriwa sanasiyane. Akanasiyira pomwepo, nkhani ikanathera pamenepo. Koma anali atapima CRP ya aliyense asanayambe. Pakati pa amene CRP yawo inali yopitirira mamiligalamu 5 pa lita, 8 mwa 13 olandira infliximab anapezako bwino, poyerekeza ndi 3 mwa 9 a gulu linalo. Pakati pa amene CRP yawo inali yotsika, olandira dilipi yopanda mankhwala ndiwo anachita bwino kuposa olandira infliximab. Anthu 13 ndi 9 ndi ochepa kwambiri moti palibe dokotala wanzeru angasinthe kaperekedwe ka mankhwala chifukwa cha iwo. Komabe mukaiwerenga bwino nkhaniyi, muli chenjezo lomveka: mankhwala omwewo angathandize wina n'kubwezera wina m'mbuyo.

Kumene sanasankhe odwala, zotsatira zakhala zogwetsa ulesi. Pa kafukufuku wa ASPREE, okalamba 19,114 a ku Australia ndi ku United States anagawidwa mwamaere, ena kumwa aspirin, amene amachepetsa kutupa, wa mamiligalamu 100 tsiku lililonse, ena piritsi lopanda mankhwala, kwa zaka pafupifupi zisanu. Michael Berk ndi anzake analengeza mu 2020 kuti aspirin sanachepetse kuvutika maganizo, pomwe kutaya magazi m'kati kunali kochulukirapo mwa omwa aspirin. Ku Germany, mu 2022, minocycline, mankhwala opha mabakiteriya amene amachepetsanso kutupa, naye sanathandize odwala amene mankhwala ena anawakanika. Ndipo infliximab si wamasewera: amafooketsa chitetezo mpaka TB yobisala m'thupi ingathe kudzuka. N'chifukwa chake zimandinyansa ndikaona pa intaneti anthu akugulitsa timabotolo "tochotsa kutupa" kwa anthu ovutika maganizo, kapena makampani akulonjeza kuti mukawatumizira malovu akuuzani ngati muli ndi majini a matendawa. Wogula amakhala munthu wotopa kale, wofunitsitsa yankho, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti angasiye mankhwala kapena uphungu umene ukumuthandiza.

Pali otsutsa ochokera mbali inanso, ndipo mfundo yawo ndi yolemera. Iwo amati: ndalama zonsezi mukuthera pa majini, pomwe tikudziwa kale kuti anthu amagwa m'matendawa chifukwa cha nkhanza, imfa, ngongole, ulova ndi kusungulumwa, bwanji osalimbana ndi zimenezo? Ndikugwirizana nawo kuti zimenezo ndizo zazikulu. Kumene ndikusiyana nawo n'kuganiza kuti nkhani ziwirizi zikupikisana. Ku Dunedin komwe kuja, Andrea Danese ndi anzake anapeza mu 2007 kuti ana amene anachitiridwa nkhanza ali aang'ono ankakhala ndi CRP yokwera atafika zaka 32. Chaka chomwecho Steve Cole wa ku UCLA anaonetsa kuti m'maselo oyera a magazi a anthu osungulumwa kwa nthawi yaitali, majini oyambitsa kutupa amakhala oyaka kwambiri pomwe majini olimbana ndi mavairasi amakhala ofooka. DNA ya anthuwa sinasinthe. Chimene chinasintha ndi majini amene akuwerengedwa. Ndiye kuti chitetezo cha m'thupi ndi imodzi mwa njira zimene moyo wowawa umalowera m'thupi n'kukhazikikamo. Amene amatenga kafukufuku wa majini ngati chifukwa chonenera kuti "anabadwa choncho, palibe chochita" sanamuwerenge.

Raison ndi Miller anapita patali ndi kunena kuti mwina majini okweza chiopsezo cha matendawa anapulumuka mumtundu wa anthu chifukwa ankathandiza makolo athu akale kugonjetsa tizilombo, pa nthawi imene bala laling'ono linkatha kupha. Ganizoli ndi lokoma kumva, ndipo likhoza kukhala ndi choonadi, koma analimanga kwambiri pa majini aja osankhidwiratu amene pambuyo pake ambiri anagwa. Ine ndimalisunga m'thumba la nkhani zokambirana, osati la umboni.

Komabe ganizoli likutikumbutsa vuto lenileni. Majini a chitetezo ndi ena mwa majini amene amasiyana kwambiri pakati pa mitundu ya anthu, chifukwa anaumbidwa ndi matenda a kumalo kumene makolo a anthuwo ankakhala. Chitsanzo chodziwika ndi mtundu wa jini ya ACKR1 umene uli mwa anthu ambiri ochokera ku Africa. Umateteza ku malungo a mtundu wa Plasmodium vivax, ndipo umachititsa kuti maselo oyera otchedwa ma neutrophil azioneka ochepa m'magazi ngakhale munthuyo ali bwinobwino. Tsono mu 2022 Segun Fatumo ndi anzake anawerengetsa kuti anthu 86 pa 100 alionse amene alowa m'kafukufuku wa majini ndi ochokera kwa makolo a ku Ulaya, pomwe a ku Africa ndi pafupifupi mmodzi yekha pa 100. Kafukufuku wa mu 2025 uja anayesetsa, moti pafupifupi mmodzi mwa anayi anali wa makolo osakhala a ku Ulaya. Koma ngati funso lili pa chitetezo, kupereweraku kumapweteka kawiri. Zimene zapezeka ku Bristol ndi ku Copenhagen sitingangozinyamula n'kuziika pa munthu amene thupi lake lakula likulimbana ndi malungo, njoka za m'mimba kapena TB, ndiponso malire a CRP "yokwera" sangakhale ndi tanthauzo lofanana kwa iye.

Chimene ndikufuna kuona tsopano ndi kafukufuku wa mankhwala amene amayamba ndi kusankha: odwala okhawo amene kutupa kwawo kwapimidwa kangapo n'kupezeka kokwera, mankhwala olunjika pa njira imene majini aloza, monga ya IL-6, ndipo popima zotsatira ayang'ane kutopa, tulo, kadyedwe ndi chilakolako chochita zinthu, osati chiwerengero chimodzi chophatikiza zonse. Kupima CRP n'kosavuta, koma lero sikungauze dokotala kuti munthu akudwala maganizo kapena kuti amwe mankhwala ati, ndipo wokuuzani kuti kungatero akukunamizani. Wodwala amene mankhwala awiri kapena atatu amukanika, ali wotopa nthawi zonse, wanenepa mwadzidzidzi kapena ali ndi matenda ena okhalitsa, ali ndi ufulu wopempha kuti thupi lake lonse lipimidwe bwino, kuphatikizapo chithokomiro, shuga ndi kuchuluka kwa magazi. Mbali inayo nayonso ichitike. Mu 2013 Faith Matcham ndi anzake a ku King's College London anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa odwala 6 alionse a nyamakazi ya rheumatoid arthritis ali ndi matenda ovutika maganizo aakulu. Dokotala amene akupima mfundo zotupa za wodwala wotere ayenera kumufunsanso mmene akugonera, ngati akudya, ndiponso ngati pali chimene chikumusangalatsabe.